Mapiritsi a m'chitini cha singano

Dokotala wa ku Lilongwe anawauza azakhali anga kuti mankhwalawo sachotsa chilakolako cha mowa. Ntchito yake ndi kuopseza. Munthu akameza piritsi kenako n'kumwa mowa, thupi limamuukira: amasanza, mutu umawawa, mtima umagunda kwambiri, ena mpaka kukomoka. Anatinso pakhomo pakhale munthu mmodzi woona ndi maso ake kuti piritsi lamezedwa m'mawa uliwonse. Azakhali, amene anaperekeza abambo kuchipatalako, anabwera ndi mawu amenewa pamodzi ndi kabotolo koyera.

Amayi anasankha ine. Anati ndine mwana wamkulu, ndimatha kuwerenga zolembedwa pabotolo, ndipo abambo sanakanepo chinthu chochokera m'manja mwanga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Ndinakondwa kuti andikhulupirira.

Tsiku lomwelo amayi anayankhula pamaso pa azakhali. "Akadzamwanso kachasu, ine ndibwerera kwathu ku Chitala ndi ana aang'onowa. Ankhoswe sindidzawavutitsanso." Abambo anangogwedeza mutu.

Kwathu mwana wamkazi popereka chinthu kwa bambo ake amagwada, n'kupereka ndi manja awiri, maso ali pansi. Ndinaphunzira zimenezi ndisanadziwe kulemba dzina langa. Choncho m'mawa uliwonse ndinkaika piritsi pakambale, madzi m'kapu, n'kukagwada pakhonde. Maso anga ankakhala pa mapazi awo. Ndinkamva kambale kakupepuka, kenako madzi akutsika kukhosi, ndipo ankati, "Zikomo mayi." Amayi akafunsa ali kuthandala loyanikapo usipa kuti, "Ameza?" ndinkayankha kuti, "Eya, ameza."

Abambo amasoka maukonde kudoko. Kumeneko asodzi akabwera ndi nsomba zambiri, kapu ya kachasu imazungulira aliyense amene ali pafupi, ndipo wokana amamunena kuti ndi wonyada. Tsiku lina ndikuwapititsira mbatata ndinamva mwini bwato akuti, "Achimwene, kakapu kamodzi kotsukira kukhosi."

"Ine ndili pa mankhwala a ku Lilongwe," anatero abambo osasiya kusoka. "Mukandipatsa, muyambiretu kufuna matabwa a bokosi."

"Ndiye muzimwa madzi a m'nyanja omwewa ngati chambo," anatero mwini bwato uja, ndipo onse anaseka. Kapu inawadumpha. Palibe amene amafuna kudzatchulidwa pamaliro kuti ndiye anapereka kapu yotsiriza.

Miyezi inayi inatha osalawa mowa. Anakonza chitseko chimene anathyola chaka chinacho. Amayi anayamba kuuza anzawo a kutchalitchi kuti mankhwala a makono ndi amphamvu, ndipo ankatchulanso ine, kuti mwanayu saphonya tsiku. Ndinkanyadira mumtima.

Loweruka lina abambo anatuma uthenga kuti ndiwapititsire singano yaikulu yosokera ukonde, yomwe anaiwala m'chitini chawo pamwamba pa khoma. Chitinicho sindinali nditachitsekulapo. Pansi pa ulusi ndi mbedza ndinapeza kapepala ka shuga kokulunga. M'kati mwake munali mapiritsi oyera, ambiri, ena atayamba kufumbutuka. Ndinathamangira kukabotolo ndikuganiza kuti mwina ndi ena. Anali omwewo.

Ndinakhala pansi chitini chili pamiyendo. Ngati samameza, chawaletsa mowa n'chiyani? Ngati asiya mowa, cholakwa chawo chili pati? Nanga changa? Dokotala anati munthu aziona, ine sindinaonepo ngakhale kamodzi. Ndinkafuna kuti wina andiuze kuti ndachita bwino pena pake, ndiye ndinatenga kapepalako n'kukawaonetsa amayi.

Amayi sanadikire kulowa m'nyumba. Abambo atabwera kudzatenga okha singano ija, anawakumanira pabwalo, mayi wa nyumba yoyandikana nafe ali pomwepo akutembenuza usipa wake.

"Miyezi yonseyi mumatipusitsa ine ndi mwanayu?"

"Ndinameza sabata yoyamba," anatero abambo motsitsa mawu. "Amandigonetsa tulo ndili pa ukonde, m'kamwa mumamveka ngati ndatafuna msomali. Koma tandiuzani, mayi a ana, mowa ndamwa?"

Amayi anangondiuza kuti kuyambira mawa ndizionetsetsa, m'kamwa momwe.

M'mawa mwake ndinagwada monga mwa masiku onse, amayi ataima pakhomo. "Dzutsa mutu," anatero. Ndinadzutsa. Abambo anameza, kenako anayasamula n'kutukula lilime ngati mwana wa kusikelo. Ndinaona kuti alibe mano awiri a m'mbali, zomwe sindinkadziwa. Manyazi anandigwira. Tsiku limenelo sananene kuti zikomo mayi. Masiku otsatira anamezadi, ine ndikuona, ndipo m'mawa uliwonse unkandilemera kuposa wa dzulo lake.

Koma kudoko nkhani inali itafika kale. Ndinamva pambuyo pake kuti mwini bwato ankangowaseka: "Bokosi lija tiyeze liti, achimwene? Mankhwala anu akumwa ndi chitini." Abambo akati tsopano akumezadi, anzawo ankati bodza lomweli. Anakana masiku angapo. Lachinayi lina, usipa utaphedwa wambiri, kapu inafika pa iwo ndipo sinadumphe.

Anabwera nawo masana pa njinga, anthu awiri atawagwirizira. Maso anali ofiira, thukuta lili thupi lonse, akusanza, dzanja lili pachifuwa. Ankapuma ngati munthu amene wangovuulidwa m'madzi. Mwini bwato uja ankangobwereza kwa amayi kuti, "Makapu awiri okha, alamu, awiri okha." Tinathamangira nawo kuchipatala chaching'ono cha kwathu, ndipo anagonako tsiku limodzi. Ine ndinakhala pabenchi ndikuganiza kuti piritsi limene likuwazunzalo ndinawapatsa ndine, ndikuyang'ana.

Amayi anawasamalira mpaka atachira. Kenako anamanga katundu, natenga ang'ono anga awiri, n'kukwera galimoto ya ku Chitala monga ananenera. Ine ndinatsala. Palibe anandiuza kuti nditsale kapena ndipite.

Chaka chatha tsopano, abambo sanalawenso mowa. Mapiritsi anawakaniratu, ndipo kabotolo kali pawindo momwe ndinakasiyira. Kudoko kapu imawadumpha popanda iwo kunena kanthu, chifukwa onse anaona zija. Azakhali amati mankhwala agwira ntchito, poti ntchito yake inali kuopseza ndipo aopsezadi. Abusa amati ndi mapemphero. Nditafunsa namwino wa kuchipatala kuja, anati mapiritsi otere amathandiza ena, makamaka pakakhala wowayang'anira, koma paokha sachiritsa munthu. Sindinalimbe mtima kumuuza kuti kwathu zinkayenda bwino nthawi imene woyang'anirayo ankayang'ana pansi.

Ndikadabweza kapepala kaja pansi pa ulusi, mwina amayi akadali pano. Mwinanso abambo akadamwa tsiku lina lililonse, popanda chowadwalitsa, n'kupitiriza. Ndimayesa kutsata njira ziwirizi m'mutu, zonse zimandithera pakati. Abambo sananditchulirepo za chitini. M'mawa ndimawapatsabe madzi, chifukwa sindidziwa kuti ndingasiye bwanji, ndipo anayambiranso kunena kuti zikomo mayi.

Mwezi watha ndinapita ku Chitala ndi usipa wouma umene abambo anandipatsa kuti ndikapatse amayi. Ndinapeza amayi akutonola chimanga, ndipo ndinakhala pambali pawo kuwathandiza.

"Akumeza mankhwala?" anafunsa.

"Ayi."

"Nanga mowa?"

"Osalawa n'komwe, amayi. Chaka chonse."

Anatonola chimanga china mpaka chitsononkho chinayera. "Ndiye chikuwagwira n'chiyani?"

Ndinkafunitsitsa kuwapatsa yankho loti liwabweretse kunyumba. Ndinaganiza za mantha, za anzawo a kudoko, za manyazi a tsiku lija la m'kamwa. Ndinati sindikudziwa.

"Ine sindingabwerere kukatsamira chinthu chimene palibe akuchidziwa," anatero amayi. Usipa uja analandira. Pobwerera anandipatsa ufa woti ndikawapatse abambo, ndipo ndinakwera galimoto ndekha.