Kabokosi kandimanitsa madzi ofunda

Abale anga, sabata ino ndasamba madzi ozizira katatu, mwezi wa Juni, kuno ku Bembeke. Musandimvere chisoni. Ndaziputa dala.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndine mphunzitsi wa Sitandade 8. Chimene simukudziwa n'chakuti chaka chino ndinalembetsa maphunziro a pakalata a zamawayilesi. Mabuku amabwera pa positi, ine n'kumawotcherera timawaya pa tebulo lodyera, moti nsalu ya patebulopo pano ndi mabowo okhaokha.

Landipweteketsa ndi phunziro lachisanu ndi chinayi. Likuti mawu a munthu amakwera ndi kutsika ngati mtsetse wa phiri, koma makina a manambala sadziwa mtsetse, amadziwa masitepe basi. Ndiye wophunzira apange kabokosi kodula mtsetsewo kuti ukhale masitepe. Kanga ndinakaika timababu titatu toonetsa manambala, kuyambira ziro kulekeza seveni, pamene timayaka tonse titatu. Ukanong'oneza pa maikolofoni, wani. Ukakuwa, seveni. Nditayesa pa tambala wathu kanapereka faifi, ine chimwemwe tsaya.

Munthu wanzeru akanakasunga m'kabati. Ine ndinakamangirira panjinga n'kupita nako ku kwaya.

Ku kwayako kunali nkhani. Loweruka likubwerali kuli ukwati wa mwana wa akatekisiti, ndipo pamafunika munthu mmodzi woyambitsa nyimbo yolowera. Ofuna anali awiri: Mayi Nambewe, ndi mayi a kunyumba kwanga, Anaphiri, amene akhala akuyeserera nyimboyo mwezi wathunthu, potsuka mbale ndi posita pomwe. Oyimbitsa kwaya, a Chimphepo, amawaopa onse awiri. Atangoona kabokosi, nkhope yawo inawala.

"Aphunzitsi, makinawa alibe m'bale. Atiweruze ndi omwewa."

Ndinavomera, ndikudzimva uinjiniya mpaka m'mafupa.

Anayamba ndi Anaphiri. Ndikunena poyera pano, anayimba mokoma mpaka thupi langa linachita tsemwe. Kabokosi kanati sikisi. Kababu komaliza kanaphethira, kufuna kuyaka, n'kuzimanso. Kenako Mayi Nambewe anakoka mpweya n'kutulutsa mawu aja amayitanira nawo amuna awo ali kudimba, tsidya lina la mtsinje. Seveni, timababu tonse ngwee!

"Makina anena," anatero a Chimphepo, akupukuta thukuta kunja kukuzizira.

Pobwerera ndinkakankha njinga, chifukwa Anaphiri anakana kukwera. Ndinayesa kufotokoza.

"Anaphiri, inutu munangotsala pang'ono kufika pa seveni, kungoti kabokosika kamataya zapakati. Komanso kamayeza kukula kwa mawu, osati kukoma kwake."

"Ndiye munakabweretseranji?"

Yankho la funso limeneli m'buku mulibe. Ndafufuza.

"Chabwino, bambo," anatero modekha. "Poti zapakati n'zotaya, nanenso phunzirolo ndalimva."

Chiyambire tsiku limenelo, nyumba yanga ikuyendera masitepe awiri okha. Madzi osamba akumakhala owira oti n'kusosolera nkhuku, apo ayi ongochokera pachitsime. Ofunda anatha. Mchere m'ndiwo ukumakhala wodzadza dzanja kapena mulibiretu. Wayilesi akaitsegula amva ndi a kutali ku Kasina, ndikati tsitsani pang'ono, thii, azimitsa. Dzana ndinafunsa kuti mwadzuka bwanji, anandiyankha kuti ziro.

Ndikusamba m'mawa uno, mano akugundana, ndinayamba kuganiza za ntchito yanga. Kodi si zomwezi timachita ife aphunzitsi? Mwana wakwera mtsetse zaka zisanu ndi zitatu, akuyenda wapansi m'chisanu kuchokera ku Kaphuka, ife n'kumudula ndi mzere wofiira: wakhoza, walephera. Wotsala pang'onong'ono timamuponya m'thumba limodzi ndi uja anagona m'mayeso, onse akalime kachewere. Makolo akabwera kudzadandaula timatambasula manja ngati a Chimphepo. Manambala anena, amayi, ife titani?

Nambala timaikonda chifukwa imatichotsera mlandu. Siituluka thukuta, ndipo siikumana ndi munthu pamsika. Koma anaika mzere pamenepo ndani? Anasankha zoyeza ndani? Kabokosi kanga sikanadzimangirire kokha panjinga.

Buku likuti mankhwala ake n'kuchulukitsa masitepe, timababu tikhale tisanu ndi titatu, kuti zotayika zichepe. Dzulo ndinalimba mtima n'kuwauza Anaphiri kuti ndipanga kena kabwinoko, ndipo tikapemphe a Chimphepo kuti mpikisano ubwerezedwe ukwati usanafike. Ndinajambula ndi pepala lomwe, kuwaonetsa modutsa mawaya.

Pepalalo sanaliyang'ane n'komwe. Anayang'ana ine, osakwiya, osaseka. Manyazi anandigwira asanayankhule.

"Bambo, zaka makumi awiri mwakhala mukundimva ndikuyimba m'nyumba muno. Mukufuna timababu tingati kuti muyimirire pagulu munene nokha?"