Juzi ya Mng'ono Wanga

Mng'ono wanga ankaopa kuzizira kuposa njoka. Kwathu ku Kanduku ndi kumapiri, ndipo Juni akafika, manachesi ali psuu m'mitengo, mphepo imabwera ngati munthu amene uli naye mlandu. Ana enafe tinkangotsokomola n'kumapita kusukulu. Iye mphepo ikangomulowa, mafupa ankamuwawa mpaka kuluma mphasa. Dzina la matendawo tinalimva mochedwa kuchipatala cha pa boma, akuti sikoselo. Maselo ofiira a m'magazi ake, m'malo mokhala obulungira, ankapindika ngati chikwakwa n'kumatsekereza m'mitsempha.

Amayi dzinalo analibe nalo ntchito. Iwo ankadziwa chinthu chimodzi, choti mwana asazizidwe. Madzi osamba ankamutenthetsera ngakhale mu Okutobala. Anamulukira juzi yofiira ali ndi zaka zisanu, ndipo akakula ankaimasula n'kuilukanso atawonjezera ulusi wina, moti pomafika poti ndi namwali juziyo inali ndi kufiira kwa mitundu inayi. Tsiku lina ndinaivala popita kudambo. Mkwapulo umene ndinalandira tsikulo sindinauiwale. Ndisaname, ndinkachita nsanje. Ine ndinali mwana wolimba, ndipo mwana wolimba pakhomo amangokula ngati chisoso.

Amayi anabwera ku Kanduku akuthawa nkhondo ya ku Mozambiki ali mtsikana. Mayi awo anafera m'njira, ndipo anthu anali pa liwiro loti panalibe woima kukumba manda. Nkhaniyi sankaikamba kawirikawiri, koma maliro akachitika m'mudzi iwo ankakhala omaliza kuchoka kumanda.

Anthu amakonda kunena kuti ndinaphunzira sayansi kuti ndidzachiritse mng'ono wanga. Zimamveka bwino pamaso pa anthu, ndipo nanenso ndazinenapo m'misonkhano. Zoona zake n'zakuti ndinakonda labu chifukwa mulibe wolira. Nditamaliza yunivesite ku Zomba ndinapeza mwayi wokapitiriza ku Joni, ndipo ndi komwe ndakhala zaka zonsezi. Ntchito yanga ndi iyi. Timatenga maselo a munthu wamkulu n'kuwabwezera ku ukhanda, poti sanasankhe kuti adzakhala magazi, khungu kapena fupa. Kenako timalowa m'malangizo amene selo lililonse limanyamula, n'kukonza chilembo chimodzi cholakwika. Pa sikoselo cholakwika ndi chilembo chimodzi basi. Ndinawafotokozera abambo, amene moyo wawo wonse akhala akumezanitsa manachesi pa tsinde la mandimu. Anamvetsera akunola kampeni kawo, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wofunsa ankamuuza kuti, "Mwana wangayo amamezanitsa magazi."

Chaka china ndinabwera kutchuthi ndi mapepala a chilolezo. Mng'ono wanga nthawi imeneyo ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa boma. Ndinamuwerengera zonse, zoti magaziwo adzasungidwa, zoti akhoza kugawidwa kwa ofufuza ena, zoti palibe lonjezo loti iye adzachira. Anasaina makina akulira, mwendo uli pa chopondera.

"Achemwali, ndiye kuti magazi anga akwera ndege mwiniwakene ndisanaione ndi Chileka yomwe?"

"Akwera, m'kabokosi ka ayezi."

"Shuwa? Amayi musawauze zimenezo."

Tinaseka tonse, ndipo ine ndinaiwala.

Zinanditengera zaka zinayi. Maselo amafuna kudyetsedwa tsiku ndi tsiku, Lamlungu lomwe, Khirisimasi yomwe, ndipo ukawalakwira pang'ono amafa osakuuza chifukwa. Ndinaphonya ukwati wa msuweni wanga, ndinaphonya maliro awiri, mwamuna amene ankandifuna anatopa n'kukwatira namwino. Sindinamudandaule. Pa mbale zosungira maselo sitilemba dzina la munthu, timalemba nambala, ndiye anzanga ankangodziwa nambalayo. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa kuti timadontho tili m'mbalemo timakonda zitumbuwa zopserera.

Tsiku lina masana ndinayang'ana pa maikulosikopu n'kuona maselo ofiira obulungira, ali mbwee, palibe ngakhale limodzi lopindika. Ndinawachepetsera mpweya dala kuti ndione ngati apindike. Anakana. Anzanga anandikumbatira, wamkulu wa labu anagula keke. Ine ndinatuluka panja n'kuimbira foni mng'ono wanga. Anali atagonekedwa kuchipatala sabata imeneyo.

"Ndiye kuti ine wa ku Joniyo wachira?" anafunsa, mawu ali otopa. "Mumuuze abwere adzandithandize mayunifolomu, sukulu zikutsegulira."

Ndinaseka.

"Nanga ine wa kunoyu, achemwali?"

"Zitenga nthawi pang'ono."

Ndinkadziwa kuti si pang'ono. Kuchiritsa selo m'mbale ndi kwina, kuchiritsa munthu ndi kwina. Pamafunika zaka zoyesa, ndi chipatala cha mtundu umene kwathu kulibe. Iyenso ndikhulupirira ankadziwa, chifukwa anangoti, "Chabwino," n'kuyamba kundiuza za mayi wina amene ankafuna diresi la ukwati lothina m'chiuno ngati la mtsikana.

Mng'ono wanga anamwalira Julaye wotsatira, chiperoni chitagwa masiku atatu. Ndinakwera basi, kudutsa Zimbabwe, kuwoloka Zambezi pa Tete, kufika pa Zobue. Njira yonse ndinkadikira kuti ndilire. Ndinafika pasiwa amayi anzathu akubuma, ndinagwada pomwe amagwada, ndinafunda chitenje kumutu, koma m'maso munali gwaa. Ndinkangoona zinthu zopanda pake, zoti bokosi lapendekeka pang'ono, zoti wotsogolera nyimbo wayamba mokweza kwambiri. Mtima unachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Azakhali ena ananong'ona kuti sukulu ikachuluka imaumitsa mtima. Sindinawatsutse, chifukwa mwina ankanena zoona.

Patapita masiku angapo titameta, ndinakhala ndi amayi padzuwa la m'mawa tikusenda mtedza. Anali atavala juzi ya mng'ono wanga, manja ake akuwalekeza m'zigongono.

"Magazi aja unatenga aja," anatero osandiyang'ana, "anatha?"

Apa ndi pamene ndinalakwa. Funso limenelo ndaliyankha kambirimbiri pamaso pa anthu ophunzira, ndiye pakamwa panangotseguka pokha. Ndinati sanathe, ndipo sangathe, chifukwa maselo amenewo amaberekana. Ndinati ali moyo. Ndinkaganiza kuti ndikuwatonthoza.

"Ali moyo? Akudya chiyani?"

"Pano sakudya, amayi. Tinawagoneka. Timawasunga m'timachubu, m'thanki yozizira."

"Yozizira bwanji? Ngati filiji?"

"Kuposa filiji. Kuposa ayezi kutalitali. Mutati mupisemo chala chikhoza kuthyoka ngati..."

Sindinamalize. Amayi anali atasiya kusenda. Anaika lichero pansi pang'onopang'ono ngati muli mazira.

"Mwana amene ndamufunditsa moyo wake wonse," anatero, "iwe wamuika mu ayezi?"

Ndinayesa kufotokoza kuti selo silimva kuzizira, lilibe mitsempha yomvera, si munthu. Mawu onsewo anali oona, ndipo ankagwa pansi ngati makoko a mtedza. Amayi sanakalipe. Anangoti chiliza sichimangidwa mpaka mwana wawo atabwera yense. "Amayi anga sindidziwa pomwe anagona," anatero. "Uyu ndiye ndidziwe."

Ndinabwerera ku Joni ndi mawu amenewo. M'thanki yathu munali timachubu tambiri ta nambala ija, ndipo tina tinali titatumizidwa kale ku malabu ena kutsidya kwa nyanja, monga mwa mapepala amene mng'ono wanga anasaina. Timeneto ndiye madzi otayika, saoleka. Koma ndisanamizire anzanga. Ta m'thanki yathu ndikanatha kupempha kuti tiwonongedwe tonse, ndipo akanandimvera. Sindinapemphe. Ntchito yanga yonse yaima pa maselo amenewo. Ndinkadziuza kuti ndikuchitira ana ena odwala, ndipo mwina n'zoona, koma dzina limene limalembedwa pamwamba pa zofufuzazo ndi langa. Ndinapempha kachubu kamodzi. Ndinakasungunula m'manja mwanga, ndinathiramo mankhwala opha maselo kuti malamulo andilole kukanyamula, ndipo chaka chitatha ndinakwera nako basi kali m'thumba la bulauzi.

Amayi anakalandira ndi manja awiri. Kanali kochepa kuposa chala chawo chaching'ono. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakafumbata n'kukauzira mpweya, monga ankachitira ndi zala za mng'ono wanga m'mawa wa Juni. Anakakulunga m'kansalu, n'kukulunganso m'kansalu kena. Adzukulu anakumba kadzenje kumutu kwa manda amisiri asanathire simenti. Asanakapereke, amayi anatembenukira kwa ine.

"Ndi yense ameneyu?"

"Ndi yense, amayi."

Abambo anali ataima pambali, chipewa chili m'manja. Munthu amene wagawira nthambi za mtengo wake umodzi kwa mudzi wonse sungamunamize pa nkhani yotere. Anayang'ana pansi, ndipo sanandiulule tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Chiliza chinamangidwa, anthu anaimba, anadya, anabalalika. Ine ndinaima pamenepo ndikudikira kuti bodzalo lindiwawe. Silinandiwawe. Ndinkangoona kuti mmisiri walemba chilembo chimodzi chopendekeka.

Tsiku lobwerera amayi anandiperekeza mpaka pa boma, chinthu chimene sankachita chifukwa cha mawondo. Tinadikira basi ya ku Joni pafupi ndi amayi ogulitsa zipatso. Anandipatsa jumbo ya manachesi a pakhomo n'kundiuza kuti ndidye msanga asanandilande pachipata cha m'malire. Basi itafika, kondakitala akukuwa, ndinapisa dzanja m'jumbomo n'kukhudza ulusi. Pansi pa manachesi panali juzi ija, yochapidwa, yopindidwa bwino.

"Amayi, iyi ndi yanu. Muzivala."

"Si yanga," anatero. Anandikonza kolala ya bulauzi, ngakhale inali bwinobwino. "Iwe ndinakubereka ndekha. Ukamanama khutu lakumanzereli limagwedera. Wotsalayo ukamufunditse."

Sanadikire kuti ndiyankhe. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda, akutsimphina, kupita kumene kumaima makabaza.

Thanki yathu ndi yachitsulo, yofika m'chiuno, ndipo imakhala m'kachipinda kopanda zenera. Pachivundikiro saloleza kuikapo kanthu, ndiye juziyo ndinaikulunga m'mimba mwa thankiyo n'kumanga manja ake kumbuyo. Wamkulu wa labu atafunsa kuti juziyi ndi ya ndani, ndinati mwini wake alipo. Anandiyang'ana, anayang'ana thanki, ndipo sanafunsenso. Ikadali pomwepo mpaka lero. M'mawa uliwonse ndimavala magolovesi, ndimatsegula, nthunzi yoyera imasefukira pansi n'kundizizira m'mapazi, ndimatulutsa kachubu ka nambala ija n'kuyamba ntchito.

Zaka zonse ndaphunzirazi zinandiphunzitsa kuti juzi payokha ilibe moto. Imangosunga chimene chili mkati. Pa munthu wamoyo imasunga kutentha, koma pa thanki ija ikusunga kuzizira. Zimenezi sindinawauze amayi. Amaimba foni Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi, amandiuza za mbuzi, za mvula, za amene wamwalira, ndipo pomaliza amafunsa ngati mng'ono wanga wafunda.

Ndimati wafunda.