Khadi limodzi, amayi awiri

Lachiwiri lapitali amayi anga anandiponda phazi m'chipinda cha dokotala. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, wodwala chibayo, wopuma mobanika, koma mphamvu yopondera mwana wake anaipeza. Chala chikuwawabe mpaka lero.

Ndiyambe poyambira. Amayi amakhala kwathu ku Vubwi, kufupi ndi malire. Sabata yatha anayamba kutsokomola, thupi kutentha, m'nthiti kubaya. Mlongo wanga anawakweza galimoto n'kuwatumiza kwa ine kuno ku Katete, poti kuno chipatala n'chachikulu. Dzina la chipatalacho sinditchula, chifukwa cholakwa sichinali chawo. Chinali chathu.

Inu amene simunadwale posachedwapa, dziwani kuti makope aja akutha ntchito. Kope la kusukulu lodula pakati lija, lomwe agogo ankalikulunga m'pulasitiki ya shuga, masiku ano sakulifunsanso. Umapereka kakhadi pawindo, iwo n'kudina nambala, basi mbiri yako yonse yatuluka pa kompyuta: unadwala liti, unapita kuti, unamwa chiyani. Zolembedwa ku Vubwi amaziona ku Katete, netiweki ikalola.

Dokotala amene tinamupeza anali mayi wodekha, wa msinkhu wa mlongo wanga. Anawamvetsera amayi pachifuwa ndi kumsana, kenako n'kutembenukira ku kompyuta.

"Ndi chibayo, amama, koma osadandaula," anatero. "Naona mu sisitimu kuti chaka chatha munadwala chimodzimodzi ku Vubwi. Anakulasani penisilini, munapola bwino. Tikupatsani wamene uja."



Amayi anga sanadwale chibayo chaka chatha. Amene anadwala ndi mng'ono wawo, amayi aang'ono a Felesiya, omwe anakwatiwa tsidya la malire, ku Mozambique. Ndipo jakisoni wa penisilini ameneyo kwa amayi anga ndi chiphe. Anawabayapo kamodzi ine ndili giredi 3. Ndimakumbukira nkhope itatupa, maso atatsekeka, mpweya ukuimba mluzu pakhosi, atate akutuma munthu kukauza achibale kuti bwerani msanga. Atapulumuka, mkulu wa pachipatalapo analemba chenjezo pachikuto cha kope lawo ndi inki yofiira, n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Kope likadzaza, tinkayamba takopera mawu ofiirawo pa latsopano, dzina pambuyo.

Nanga zinatheka bwanji kuti kompyuta inene zosiyana? Apa ndiye pondichititsa manyazi.

Kumene amakhala a Felesiya chipatala chili kutali, ulendo wa tsiku lathunthu panjinga. Chathu chili pafupi, kungodutsa dambo. Kuyambira kale iwo ankaopa kuti akanena komwe achokera adzabwezedwa, kapenanso kuitanidwira apolisi. Kaya zikanachitikadi, palibe anafunsapo. Choncho akadwala ankabwera m'dzina la mkulu wawo. Panali makope awiri, dzina limodzi. Ndipo amene analemba dzinalo pakope lachiwiri ndine, chaka chimene ndinayamba uphunzitsi, poti amati dzanja langa n'labwino.

Zinkayenda. Kope la mawu ofiira linali la amayi, lopanda mawu ofiira la aang'ono. Palibe tsiku lomwe tinasokonezapo.

Makhadi atabwera, amayi anakalembetsa. Mzere unali wautali, anafunsidwa dzina, mudzi ndi zaka, n'kupatsidwa khadi lawo. Kope lija linatsala m'sutikesi, ndipo za jakisoni sanazitchule, poti munthu wa kumudzi sayankha zomwe sanafunsidwe. Koma khadi sungalilembe kawiri ngati kope. Linatuluka limodzi, ndiye limodzi lomwelo anayamba kubwerekana.

"Si choncho, amama? Munapola?" dokotala anafunsa, zala zili kale pamabatani.

"Eya, ndinachira," amayi anayankha akuyang'ana pansi.

Nditangotsegula pakamwa, phazi lija linatera pachala changa.

Mukuganiza kuti amayi anaiwala zomwe jakisoniyo anawachita? Ayi ndithu. Amadziwa bwino kuposa ine. Koma m'mutu mwawo anaika zinthu ziwiri pasikelo, moyo wawo ndi mng'ono wawo atagwidwa, ndipo anasankha kukhala chete. Mwina anaganiza kuti papita zaka zambiri, thupi linaiwala. Chibale ndi fupa, sichiola, timatero. Koma tsiku limenelo chibale chikanatinyamulitsa maliro.

Dokotala anaitana namwino. Ndinamva kabati ikutsegulidwa m'chipinda china, timabotolo tikugundana. Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha amene sindinachitepo chikhalire. Ndinaopa kulankhula, ndinaopanso kukhala chete. Ine mphunzitsi wathunthu, wokalipira ana onama tsiku ndi tsiku, apa ndinali kuteteza bodza.

"A dokotala, pepani," ndinatero potsiriza. "Amene analasidwa chaka chatha si awa."

Anachotsa manja pamabatani. "Nanga ndani?"

"Mng'ono wawo. Khadi amabwerekana. Awa penisilini anatsala pang'ono kuwapha."

"Yotamu, wapenga kodi?" amayi anadzuma. "A dokotala, musamumvere uyu, kuyambira ali mwana..." Chifuwa chinawadula mawu.

Dokotala sanakalipe. Bola akanakalipa. Anauza namwino kuti adikire, n'kuyamba kuwerenga mbiri ija kuchokera pamwamba, mzere ndi mzere.

"Shuga uyu ndi wa ndani?"

"Wa aang'ono."

"BP?"

"Ameneyo ndi wa awa."

"Malungo a mwezi wa Febuluwale?"

Ndinayang'ana amayi. Amayi anayang'ana khoma. Sindinadziwe.

Tinakhala tikusankhula matenda ngati anthu osankhula zovala pachingwe, ichi n'cha uyu, icho n'cha uje, ndipo zingapo zinatsala zopanda mwini. Potsiriza dokotala anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

"Abambo, mukanakhala zii, ine ndikanawalasa," anatero. "Ndimaona anthu ambiri pa tsiku. Zimene zili pano ndizimene ndimakhulupirira."

Analemba chenjezo m'kompyuta, anasintha mankhwala, amayi n'kuwagoneka m'wodi. Anandiuzanso kuti zolembedwa ndi chipatala china iye sangazifufute. Afunika apite onse awiri ku Vubwi, akafotokoze, mbiri igawidwe, aang'ono apatsidwe khadi lawolawo. "Ine sindinaonepo munthu atamangidwa chifukwa chodwala," anawonjezera. Amayi anangofwenthera kumbali.

Musandiyese mdani wa kompyuta. Kope ndikulidziwa bwino, silinali mngelo. Chiswe chinkadya, makoswe ankadya, mvula ikadontha m'nyumba mbiri ya zaka khumi inkasanduka phala. Amalume anga ena anapichirira fodya masamba onse a kumapeto, dokotala atafunsa anati mbuzi. Nanga zolemba za madokotala zija, amene ankatha kuziwerenga ndani? Kompyuta sidyedwa ndi chiswe, siiwalika pabasi. Zimenezo ndikuvomera ndi manja awiri.

Koma kope linali ndi chinthu chimodzi chomwe sitinachiganizire. Aliyense ankadziwa kuti ndi lokayikitsa. Dokotala akalandira kope lothimbirira, lonunkha utsi, ankayamba wakuyang'ana kumaso n'kukufunsa mafunso. Kompyuta njaukhondo, zilembo zake n'zowongoka, imaoneka ngati singaname. Ndani angatsutsane nayo? Chonsecho imangobwereza zomwe tinaiuza ife, ndipo ife timanama.

Inde, timanama. Si bodza la kuba ayi, ndi bodza la kuthandizana. Ndife anthu obwerekana. Sefa timabwerekana, njinga timabwerekana, jekete la ukwati limodzi lakwatitsa mudzi wonse. Ndiye khadi la kuchipatala lingatikanike? Ndikudziwa bambo wina ku Sinda amene mkazi wake akadwala nthawi yolima amapita yekha kuchipatala ndi khadi lake, n'kukafotokoza matenda a mkaziyo ngati ake, kuti abwere ndi mapilisi ntchito isaime. Kale zinkathera pa tsamba limodzi la kope, mwina n'kuling'amba. Lero zikulowa m'mbiri yake ndipo zidzamutsata kulikonse kumene adzagonekedwe.

Tsiku lija potuluka ndinayang'ana anthu amene anali pabenchi, aliyense kakhadi kali m'manja. Ndinadzifunsa kuti, mwa onsewa, ndi angati agwira lawolawo? Ndi angati amene m'kompyuta muja ali anthu awiri, kapena atatu?

Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sikhalira kuguluka. Yathuyi ikadzaguluka sidzagwera pamtengo.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti tinasintha mabuku koma anthu sitinawauze kanthu. Anamwino anaphunzitsidwa kudina mabatani. Nanga amayi anga anawaphunzitsa ndani? Ndani anapita kumudzi, pamsonkhano kapena kutchalitchi pambuyo pa mapemphero, kukanena m'chilankhulo chathu kuti khadi ili si khasu, ndi thupi lako, ukabwereketsa wabwereketsa magazi ako? Ndani anawauza a kumalire kuti bwerani m'dzina lanu, tikuthandizani kapena sitikuthandizani, koma dziwani chimodzi? Anthu akungoganizira, ndipo munthu woganizira ali ndi mantha amasankha kubisala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Ndipo inu olembetsa pawindo, ndikudziwa mzere umakhala wautali, koma funso limodzi lokha silingakuchedwetseni: kodi pali mankhwala amene anakudwalitsanipo? Makope akale aja ali m'masutikesi ndi mawu awo ofiira. Akafa nawo eni ake, mawuwo sadzalowanso m'kompyuta.

Inunso owerenga, musangoti a Yotamu ndi banja lawo n'ngopusa. Mukapita kumudzi kafunseni makolo anu kuti khadi lawo lagwiridwapo ndi manja angati. Mukafunse mofatsa, chifukwa poyamba adzakana.

Ine mantha anga sanathe. Tsopano m'mbiri ya amayi muli mizere iwiri yotsutsana. Wina ukuti jakisoni uja asabayidwe, wina ukuti anabayidwa chaka chatha ndipo anachira. Mulinso shuga amene alibe. Tsiku lina adzafika pachipatala china atakomoka, atanyamulidwa pangolo ndi anthu a m'mudzi, ine ndili m'kalasi kuno ku Katete. Dokotala wotopa, wa odwala makumi pakhomo, adzawerenga mzere uti? Akadzaona shuga n'kuwapatsa mankhwala otsitsa shuga munthu wopanda shuga? Ndikaganiza zimenezi choko chimandigwa m'manja.

Ndinaimbira foni mlongo wanga kuti atume uthenga kwa a Felesiya, tikumane ku Vubwi tikakonze zinthu. Yankho linabwera tsiku lomwelo. Akuti iwo sangapite kukadzipereka okha ngati nkhuku, ndipo akudabwa kuti mwana amene anamubereka kumsana wawaulula kwa a boma.

Dzulo ndinapita kuwodi ndi phala. Amayi akupezako bwino, kutentha kwatsika, akutha kukhala tsonga. Phala analandira, koma nkhope anaipereka kuwindo.

"Khadi langa lili kuti?" anafunsa.

"Ndasunga ine, amama."

"Bweretsa. Mapilisi a shuga a Felesiya akutha Lolemba."

"Amama, mwamva zimene ananena a dokotala. Tikapitiriza, tsiku lina adzakupatsani mankhwala olakwika."

"Ndiye iwe ukuti ndimusiye afe? Ndinabadwa naye mimba imodzi ameneyo. Kompyuta yakoyo inabadwa ndi yani?"

Anamwa phala masipuni awiri, n'kuika kapu pansi.

"Ulendo wina ndikadwala usadzandiperekeze," anatero mosakweza mawu. "Ndidzapita ndekha. Iwe pakamwa pako mpotayirira."

Pamene ndikulemba izi khadi lili m'thumba la malaya anga. Ndikalisunga, mayi wina tsidya la dambo akhala wopanda mankhwala a shuga. Ndikalipereka, bodza likula ndi mzere wina, ndipo munthu yekhayo amene akanaimitsa jakisoni wauzidwa kale kuti asadzabwerenso.

Lolemba ndi mkuja. Inu mukanapereka?