Tsiku limene sindinagwadire apongozi

Linali Lachinayi, kumapeto kwa Okutobala 1994, cha m'ma 16 awazi, pamene ndinalephera kuwerama kuti ndimasule nsapato. Tinali titangotera kumene. Ntchito yanga mu helikoputa ya asilikali inali yoyang'anira injini, ndipo ndinkakhala pakampando kachitsulo kopanda potsamira, pakati pa oyendetsa awiri. Chombocho chimanjenjemera kuyambira ponyamuka mpaka potera, ndipo zonsezo zimathera m'chiuno. Tonse tinkamva msana. Koma wonena poyera ankamuchotsa m'ndege n'kukamuika kosungira mabulangete.

Ndinadandaulapo kamodzi chapansipansi. Dokotala wa kukampu anaseka. "Imwe musewenza muli khale. Nanga oyenda pansi akambe chani?" Katsamiro kamene mkazi wanga anandisokera, bwana wina anakaponya panja, ati si katundu wa boma.

Madzulo a Lachinayi limenelo ndinapeza atate a mkazi wanga afika kuchokera ku Petauke, atakhala pansi pa mtengo wa mango. Kwathu mkamwini sapereka moni ali chilili. Amagwada chapatali n'kuomba m'manja. Ndinayesa. Mawondo analola, msana unakana. Ndinaomba m'manja nditaimirira, ana ndi anansi akuona.

Mkuluyo anatembenukira mwana wake. "Amuna akowa akhalitsa m'mwamba. Pansi anaiwalako."

Mlamu wanga, wokulira m'tauni, anathirapo. "Ni ba pailoti aba, atate. Sagwada."

"Ngati pano m'potere, mawa ndikwera basi," anatero apongozi anga.

Mkazi wanga anafotokoza za msana. Iwo anati agwira khasu moyo wawo wonse ndipo amagwadabe m'tchalitchi. Munthu wongokhala pampando msana ungamupweteke bwanji?

Mkuluyo sindinamukwiyire, kampandoko anali asanakaonepo. Ndinakwiyira amene ankakadziwa bwino, amene ankationa tikutsika m'ndege titagwira m'chiuno, iwo n'kuyang'ana kumbali. Anatisiya tizithyoka mwakachetechete mpaka munthu kusanduka wamwano pakhomo pake pomwe.

M'mawa mwake ndinayenera kuuluka. Sindinapite kubwalo la ndege. Ndinatuma mkazi wanga akapemphe atate ake kuti asakwere basi, andiperekeze kuchipatala cha m'tauni akadzionere okha chithunzi cha msanawo. Ndinkadziwa kuti chithunzicho chikangofika kukampu sindidzaulukanso. Anavomera monyinyirika. Tinatsika mumsewu wa Mosi-oa-Tunya pang'onopang'ono, iwo patsogolo, ine m'mbuyo.