Profesa Vukota ndi Madzi a Malina

Profesa Vukota amakhala nyumba yachitatu kuchoka kwathu, ndipo ngati simunawaonepo, mwaphonya! Amavala tayi ngakhale pokataya zinyalala. Anakulira kumapiri akudyetsa nkhumba za bambo awo, koma lero mukaitana kuti "a Vukota" osayamba ndi "Profesa", satembenuka ayi. Pa yunivesite atha zaka makumi atatu. Mu labu amangolowamo kukabwera wojambula zithunzi basi.

Mkulu wanga Dubravka, pochita digiri yake yomaliza, anagwera m'manja mwa iwowa. Zaka zinayi zala zili psuu ndi malina, tizipatso tofiira timene bambo amalima, tija mukathyola m'mawa madzulo tayamba kale kuwola. Mapeto ake anapanga timadzi tina kuchokera ku makoko a mapulamu. Ukawaza, malina amatha masiku khumi ali bwinobwino. Masiku khumi, anthuni! Ine ndinakuwa mpaka galu anathawa.

Dubravka atati atsegule kampani, Profesa anangoti tulukiru.

"Mwanawe, ndani angapatse ndalama kamtsikana? Wapampando ndikhala ine."

Anatenga theka la kampani, n'kusindikiza makadi a dzina lawo m'zilembo zagolide. Dubravka anangowapempha chinthu chimodzi.

"Chonde Profesa, musalembe paliponse tisanapereke mapepala a patenti."

Patenti ndi chikalata chotsimikiza kuti nzeruyo ndi yako. Koma ukayamba waisindikiza poyera usanapemphe, yatha, ndi ya aliyense.

"Ukuphunzitsa ine?" anatero Profesa. "Ndinayamba kulemba iwe usanamere mano."

Kulemba amakukondadi, poti kwa iwo munthu amalemera ndi kuchuluka kwa nkhani zimene wasindikiza.

Ndiye kunabwera Mayi Zagorka ochokera ku Belgrade, oika ndalama m'makampani ongoyamba kumene. Akuti anali okonzeka kupereka mayuro okwana kumangira kafakitale. Anakumanirana pabwalo pathu, pafupi ndi munda. Amayi athu anatulutsa khofi, bambo botolo la rakija, kachasu wawo uja amamubisa. Mayi Zagorka analawa malina a masiku khumi, maso n'kutuzuka.

"Funso limodzi lokha," anatero. "Zimenezi zinalembedwapo penapake?"

"Ayi, mayi," anayankha Dubravka.

"Ayi wachiyani?" Profesa anadzuka n'kukonza tayi. "Mayi, mukutiyesa ogulitsa pamsika? Ife ndi anthu a sayansi!"

Anatsegula chikwama n'kusolola magazini ya yunivesite, yotuluka mwezi watha. Masamba asanu ndi limodzi! Dzina lawo pamwamba, la Dubravka pansi, kenako zonse: makoko angati, madzi ochuluka bwanji, kuwiritsa mphindi zingati. Dubravka anaika kapu yake pansi.

Mayi Zagorka anawerenga mpaka kumapeto, osafulumira.

"Mwalemba momveka, Profesa. Ngakhale apongozi anga akhoza kupanga kukhitchini kwawo."

"Zikomo, mayi. Ambiri amatero."

"Nanga ine ndalama zanga ndigulire chiyani, poti mwagawa kale ulele?"

Profesa anaganiza kaye, kenako akuti, "Koma ndi magazini yolemekezeka kwambiri."

Bambo anangotenga botolo lawo n'kukalibwezera m'kabati. Mayi Zagorka anagwira Dubravka paphewa, n'kunena kuti pepa mwana wanga, basi galimoto liii. Profesa anaithamangira mpaka pageti, magazini ili m'mwamba, akufunsa ngati mayiwo akufuna kuti awasainirepo.

Chaka chino kampani ina yaikulu yogula zipatso ikuwaza madzi omwewo, osalipira munthu. Bambo amagula kwa iwo kachigubu, madzi a mwana wawo yemwe! Dubravka anakwera basi ya ku Germany, akugwira ntchito mu labu ya eni ake. Profesa anamutumizira uthenga sabata yatha: akuti akapeza chinthu chatsopano kumeneko asaiwale amene anamuphunzitsa. Dubravka anandionetsa yankho lake pafoni. Sindingalilembe pano, amayi amawerenga.