Nkhope ya Munthu Amene Tinamuika

Linali Lachinayi, sabata yachiwiri ya Malichi 1959, cha m'ma teni koloko m'mawa, pamene wapolisi wa panjinga anandipeza m'kalasi. Ndinkaphunzitsa pa sukulu ya mpingo kufupi ndi Kabudula, ndipo poti ndinkasunganso buku la ubatizo, boma linkayesa kuti ndimadziwa nkhope ya aliyense.

Kupolisi, sajeni anayala zithunzi patebulo. Munthu aliyense anamujambula kawiri, choyang'ana kutsogolo ndi cham'mbali, atagwira sileti ya nambala pachifuwa. Onse maso ali tong'o, ngati anawaletsa kupuma. Akuti anali anthu ouza anzawo kukana Chitaganya ndi kugumula migula imene boma linalamula m'minda.

"Tchulani amene mukuwadziwa, aphunzitsi," anatero sajeni.

Wachisanu anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga. Chipsera cha nkhwangwa pachibwano chinali pomwepo.

Komatu mlamuyo tinali titamuika. Zaka zitatu m'mbuyomo inabwera kalata yochokera ku Halale kuti mgodi wamugwera. Thupi silinabwere, choncho adzukulu anakulunga mvunguti m'malaya ake, tinauika m'manda, tinameta. Nyimbo ya kumanda ndinayambitsa ndine. Koma pasileti ya m'chithunzimo panalembedwa ndi choko chaka cha 1958.

"Uyu tinamuika," ndinatero.

Sajeni anaseka. "Eti? Kwanuko akufa amajambulitsa? Sabata yatha anamuona pamsika ku Kasiya. Loweruka tibwera tidzaone manda akewo. Likakhala bodza, sileti ina ikudikira inu."

Dzuwa litapendeka ndinadzera kwa mlongo wanga. Ankakhala yekha, koma pathandala panali mbale ziwiri zongotsukidwa kumene. Kuseri kwa nkhokwe kunayambira kanjira katsopano kolowera kumsitu wa kumanda, kumene munthu sapita popanda maliro.

"Alongo, mwaona chiyani?" anandifunsa osakweza mutu.

"Sindinaone kanthu."

"Zikhale choncho."

M'mawa mwake ndinatenga khasu, ngakhale ndinkadziwa zomwe anthu amanena za munthu wolowa kumanda yekha ndi khasu. Mtumbira wa mlamu unali utamera tsekera. Ndinaulambula bwinobwino kuti apolisi akapeze manda osamalidwa. Ndili chiweramire, ndinamva fungo la fodya wa chingambwe. Kenako kumbuyo kwanga wina anatsokomola kawiri, katsokomoledwe kamene ndinkakadziwa kuyambira tsiku la chinkhoswe.

Sindinacheuke. Sajeni akadzandifunsanso, ndinkafuna kudzayankha zoona kuti sindinamuone.

Ndinalankhula ndi mtumbirawo. "Alamu, Loweruka kubwera alendo. Asapeze phulusa la moto kuno."

Masamba anachita tswatswa, kenako kunangoti zii. Ndinathyola nthambi, ndinafafaniza mapazi a m'kanjira kaja mpaka kunkhokwe, ndipo ndinapita kukaimba belu la sukulu.