Mapini Ofiira pa Nambala Yanga

Lachiwiri lapitali ndinauzidwa kuti nyumba yanga ndiyo yodwala kuposa zonse m'Matero. Ine mwini wake ndisanakhosomoleko n'kamodzi komwe chaka chino.

Anandiuza ndi Ba Mwale, bambo wa imvi wogwira ntchito kwa a zaumoyo. Anafika panjinga atamangirira thabwa kumbuyo, pathabwapo atamata mapu a Lusaka. Inu mukundidziwa: kuwerenga ndinaphunzirira pa nyuzipepala zokulungira nyama, choncho chilichonse cholembedwa ndimachilandira ngati mlendo wolemekezeka. Ndinavala magalasi, n'kuwapenya mapuwo ndikugwedeza mutu ngati mphunzitsi. Ba Mwale anadikira pang'ono, kenaka anatembenuza thabwalo. Ndinali nditaligwira chadodolido.

Anandifotokozera ntchito yawo. Mwana aliyense wofika kuchipatala ndi matenda otsegula m'mimba aja, amamubayira pini pamapu, pamalo pomwe amakhala. Wodwala m'chilimwe, pini yoyera. Wodwala mvula itayamba, yofiira. Pomwe mapini athithikana, amapita kukafufuza: anthu amatunga kuti, chimbudzi chili pati, madzi a mvula amayenda njira iti, ndipo zinayamba mwezi uti.

Nzeru yabwino, si choncho? Matenda nawonso ali ndi kwawo, ali ndi nyengo yawo.

Koma pa nambala ya nyumba yanga mapini ofiira anali ataunjikana ngati nkhupakupa pakhutu pa galu.

"Ba Sakala, mukhala bangati muno?"

"Ine, amayi a kunyumba kuno, ndi mphaka."

"Nanga bana bodwala aba ni ba mphaka?"

Ndinavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Ba Mwale sanandikakamize. Anangoti, "Ine niziba vamene vichitika. Koma pini sinama yeka, iyenda kwamene baituma."

Zimene zimachitika mukuzidziwa nonse. Kalaliki wa kuchipatala akafunsa kuti mukhala kuti, amafuna nambala. Ife a m'nyumba za khonsolo tili nayo. Koma abale athu amene anadzimangira tizisakasa kuseri kwa Kanyama, pakati pa maenje okumbamo miyala, alibe nambala, ambiri alibe ndi chitupa chomwe. Kunena zoona ndiko kudziitanira apolisi. Tsono amabwereka nambala, monga timabwerekana mchere ndi jekete la paukwati. Yanga yayenda kwambiri. Yakhala kuchipatala kambirimbiri ine ndili kuntchito.

Ndani mwa ife anaganizapo kuti nambala yobwereka ingasokeretse mankhwala?

Lachitatu kunabwera anthu ndi zitini za laimu. Anathira m'chimbudzi changa mpaka chinayera ngati tchalitchi. Anatenga madzi a papompi yathu m'botolo kukapima. Akazi anga akuti tsopano tizilandirira alendo kuchimbudziko. Ndinaseka, koma kuseka kwake kunandiwawa, chifukwa pini imodzi pa mulu uja ndi Yohane, mwana wa mlongo wanga Esinati. Tinamuika mwezi wathawu. Nyumba yanga anagonamo pa Khirisimasi pokha.

Kwa Esinati, kuseri kwa Kanyama kuja, nthaka ndi yochepa, pansi pake ndi mwala. Chimbudzi sichipita patali, chitsime nachonso n'chosaya. M'chilimwe ziwirizi zimakhala ngati sizidziwana. Mvula ikagwa, madzi amadzaza maenje, amayenda m'ming'alu ya mwala, ndipo zam'chimbudzi zimakapezeka m'ndowa. Chaka ndi chaka maliro amayamba mvula ikangokhazikika. Amayi a kumeneko akudziwa, koma akatunge kuti?

Lachiwiri lija ndinayang'ana malowo pamapu a Ba Mwale. Pepala loyera. Palibe nyumba, palibe chitsime, palibe ndi kanjira komwe. Malinga ndi mapu, kumeneko sikukhala munthu, ndiye sikufanso munthu.

Esinati watsala ndi mwana mmodzi, Velonika, amene wangoyamba kumene kuyankhula bwino. Amamwa pachitsime chomwecho. Ine ndine malume ake, mwini mbumba, ndipo zonse zimene ndinakwanitsa kuchita ndi kumangirira ndowa ya madzi a papompi panjinga Loweruka. Pofika ku Kanyama theka la madziwo linali litatayikira pathalauza langa.

Ndinawauza Esinati ndi mwamuna wake za mapini, n'kupempha kuti ndikawaonetse Ba Mwale malo enieni. Mlamu wanga, amene amaswa miyala ndipo chitupa chake chinatha kalekale, anakana.

"Alamu, mukabaya pini pano, mawa lole ya boma ili pano. Adzagwetsa zonsezi, ine adzandikweza kubwerera kumudzi ku Fort Jameson. Walira mvula walira matope."

Sananame. Tonse tinaonapo malata ali pansi, mapoto ali pamsewu.

Esinati anali akupukuta Velonika kumaso. Kenaka anati, "Achimwene, nyumba iyi ndinaponda dothi lake ndi mapazi angawa. Akagwetsa ndidzapondanso. Yohane ndikamuponde kuti? Kawauzeni."

Mlamu anatuluka osatsazika. Sindikumuweruza. Iye akuopa njala, mkazi wake akuopa manda, ndipo onse awiri akulondola. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti tauni iyi inamangidwa ndi miyala ya manja a anthu amenewa, koma kuti aoneke pamapu ake ayenera kusankha pakati pa denga ndi mwana. Kodi dotolo ndi wapolisi ayenera kuwerenga pepala limodzi? Bwanji wodwala asamafunsidwe komwe amatunga madzi, m'malo mwa nambala imene alibe?

Lolemba ndinapita kwa Ba Mwale. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinangoloza ndi chala, thabwa nditaligwira bwino ulendo uno. Anazula mapini pa nambala yanga, imodzi imodzi, n'kuwabaya papepala loyera lija. Ya Yohane sindikudziwa kuti inali iti.

"Manje bazafunsa kuti ni bandani bakhala apa," anatero.

"Mudzati bwanji?"

"Nizakamba kuti ni bana."

Nyumba yanga yachira. Mvula ikugwabe, ndipo ndowa ndaigulira chivundikiro. Esinati wamanga kale ziwiya zake m'nsalu, akumvetsera kumsewu. Lole ibwera, zimenezo sitikukayika. Funso langa kwa inu amene mumasunga mapu ndi ili: idzanyamula mapaipi, kapena zitsulo zogwetsera makoma?